Mlimi wa kwa Kaomba ndi Ndalama za Tsoka

Pali mau aŵiri amene timaŵasakaniza mosasamala tikamakamba za ndalama zimene Boma limapereka kwa alimi pa nthaŵi ya tsoka. Ena amati ndi chithandizo, ena amati ndi chipukutamisozi, ngati kuti mau aŵiriŵa ndi mapasa. Chonsecho sali pachibale nkomwe. Chithandizo chimapita kwa munthu chifukwa ali ndi njala. Chipukutamisozi chimapita kwa munthu chifukwa wataya kanthu kake. Woyambayo amamufunsa kuti, "Kodi mwadya?" Wachiŵiriyo amamufunsa kuti, "Kodi chaonongeka nchiyani, ndipo mtengo wake ndi wotani?" Mlimi wa kwa Kaomba, m'boma la Kasungu, funso loyambalo walimva kangapo pa zaka makumi atatu zapitazi. Lachiŵirilo amalimvanso, pakuti mlangizi amabwera ndi kope lake kudzaŵerenga maekala amene apserera kapena akokoloka. Koma yankho lake limapita ku likulu nkukagona m'mabuku, silibwerera kumudzi litasanduka ndalama. Apa mpamene pali chilema chachikulu cha machitidwe athu, ndipo zilema zinazo zimaphuka pa tsinde limeneli.

Tiyambe tamdziŵa mlimiyo, chifukwa ambiri okonza zomthandiza amamuona ngati munthu wa chimanga chokha. Dera la Mfumu Kaomba lili mozungulira tauni ya Kasungu, pa chidikha chachikulu chija chimene chimatambalala kuchokera ku Lilongwe, dziko la dothi lamchenga ndi madambo, kumene phiri la Kasungu limaoneka patali ngati chulu pakati pa munda. Dothi lotereli fodya amalikonda. M'masiku a Dr. H. Kamuzu Banda, amene kwao kudali ku Kasungu komweko, fodya wa bale adali wa maesiteti. Lamulo la mbeu zapadera silinkalola mlimi wamng'ono kumlima pa munda wa makolo ake. Makampani a Press Farming ndi General Farming adatsekula minda ikuluikulu, anthu olemera ndi andale naonso adatenga malo, ndipo mabanja ochokera m'maboma othithikana a kum'mwera adakwera malole kudzakhala matenanti. Lamulolo lidayamba kumasuka mu 1990, ndipo m'zaka zochepa zigafa zidamera kuseri kwa nyumba zambiri za m'midzi. Kuyambira pamenepo banja la kumeneko lili ndi nkhokwe ziŵiri. Ina ili pakhomo, ndiyo ya chimanga. Ina ili ku msika wa Chinkhoma kapena ku Kanengo, ndiyo imene mumachokera feteleza wa chaka chamaŵa, fizi ya ana, malata, ndiponso chimanga chogula pamene cha pakhomo chatha. Masiku ano ena aloŵetsa soya ndi mtedza m'malo mwa fodya, koma mayalidwe a moyo sadasinthe: pali mbeu yodya, palinso mbeu yogulitsa.

Tsoka limadziŵa njira ya ku nkhokwe zonse ziŵiri. Ng'amba ya masabata atatu mu Febuluwale, chimanga chikumasula, imatha kupha yoyambayo. Matalala a theka la ora amapha yachiŵiri, pakuti tsamba lobooka ngati sefa palibe amene amaliyang'ana kaŵiri pa okushoni. Mvula ikachuluka, feteleza amapita ndi madzi, fodya nkuolera m'chigafa asadaume. Ndipo tsoka la fodya lili ndi mchira umene la chimanga lilibe. Kuyambira 2012 fodya wambiri amalimidwa pa mgwirizano ndi makampani ogula: kampani imapereka feteleza, mbeu ndi mankhwala pa ngongole, ndipo mabelo akagulitsidwa imayamba yadula zake, mlimi nkulandira zotsala. M'chaka chabwino dongosololi limakweza munthu amene sakadatha kugula feteleza payekha. M'chaka choipa, ngati palibe inshulansi yoteteza mundawo, tsamba limatha koma ngongole imatsala ili chiimire. Munthu wotere njala imampeza ali kale ndi katundu wina pamutu.

Tsono taonani m'mene chithandizo chimayendera. Mbeu zikalephera, akatswiri a komiti younika za chakudya, ya MVAC, amayendera maboma pambuyo pa kukolola, ndipo lipoti lao limatuluka cha pakati pa chaka. Nthambi ya Boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, ya DoDMA, imakonza ndondomeko nkupempha maiko ndi mabungwe kuti aponyepo. Mafumu ndi makomiti a m'midzi amalemba maina. Ndipo kugaŵa kumayamba miyezi ya njala ikaloŵa, m'maboma ena mu Okutobala, m'maboma ena mu Disembala kapena Januwale. Muyeso wake ndi wodziŵika: thumba la chimanga la makilogalamu 50 pa banja pa mwezi, kapena ndalama zolingana nalo. Nzoona kuti oŵerengerawo amayang'ananso zimene banja limapeza ku fodya ndi ku ganyu. Koma masamu ao onse amathera pa funso limodzi: kodi banjali lisoŵa chakudya miyezi ingati? Ndiye kuti munthu amene wataya ekala ya fodya, imene adaithira matumba a feteleza a ngongole ndi thukuta la miyezi isanu ndi itatu, amayesedwa ndi chigoba chimodzimodzi ndi amene sadabzale nkomwe. Nthaŵi zina salembedwa ndi kulembedwa komwe, chifukwa nyumba yake ndi yamalata.

Sitikunyoza thumba la chimanga. Amene adagonapo ndi madzi okha m'mimba sangalinyoze, ndipo ana ambiri ali moyo lero chifukwa cha thumbalo. Koma tiyeni tiŵerenge miyezi. Chimanga chidafa mu Febuluwale. Mlimi adadziŵa tsiku lomwelo, mlangizi adadziŵa sabata yomweyo. Thumba lidzafika mu Disembala. Pakatipa pali miyezi khumi, ndipo banja silikhala manja lende kudikira. Zimayamba kupita nkhuku. Kenaka mbuzi, pa mtengo wolira, chifukwa mudzi wonse ukugulitsa mbuzi nthaŵi imodzi ndipo ogula akudziŵa zimenezo. Kenaka njinga, wailesi, mwina ndi malata a padenga omwe. Ena amaloŵa katapila. Mvula yoyamba ikagwa, pamene munthu ayenera kukhala m'munda mwake, bambo ndi mai ali m'munda mwa eni ake kugwira ganyu wa chigoba cha ufa kapena cha gaga, kwao udzu ukupikisana ndi mmera. Ganyu wa mu Disembala ndiye mbeu ya njala ya chaka chotsatira, ndipo wobzala wake ndi mwini njalayo. Galimoto ya chithandizo ikamafika pa bwalo la sukulu imapeza anthu amoyo, inde, koma ulimi wao udapita kalekale pamodzi ndi mbuzi zija.

Anthu achikulire a ku Kasungu safuna woŵauza za mtengo wa kuchedwa, chifukwa adauona ndi maso mu 2002. Nkhani yake njoyenera kuikumbukira bwino, pakuti ena amaifotokoza ngati kuti idali ya mvula yokha. M'nyengo za 1998/99 ndi 1999/2000 Boma lidagaŵa timatumba ta mbeu ndi feteleza, tija tinkatchedwa sitatapaki, kwa alimi ang'onoang'ono pafupifupi onse, mabanja okwana 2.8 miliyoni, ndipo mu 2000 dziko lidakolola matani a chimanga pafupifupi 2.5 miliyoni. Nyengo yotsatira olandira adachepetsedwa kufika 1.5 miliyoni, mvula idachuluka nkumiza minda, zokolola za 2001 nkutsika kufika matani 1.7 miliyoni. Kuchepa kotere dziko likadatha kukupirira likadakhala ndi chosunga. Koma nkhokwe za dziko, m'mene mudali matani oposa 160,000, zidapezeka zili pululu. Bungwe la IMF lidalangiza kuti chimanga chosungidwacho chichepetsedwe pofuna kubweza ngongole. Amene adali ndi makiyi adagulitsa pafupifupi chonse, ndipo china chidathera m'manja mwa anthu amene adachisunga kudikira kuti mtengo ukwere. Unduna wa malimidwe nao udalengeza kuti chinangwa ndi mbatata zidachuluka kokwanira kutseka mpatawo, mau amene adagonetsa tulo ngakhale maiko othandiza. Mabungwe ena adachenjeza kuyambira Okutobala 2001. Ansembe ndi atsogoleri a mipingo, amene ankaika maliro tsiku ndi tsiku, adafuula. Koma Pulezidenti Bakili Muluzi adadzalengeza za tsoka la dziko kumapeto kwa Febuluwale 2002. Pamenepo chimanga chimene chinkagulidwa K4 kapena K5 pa kilogalamu nthaŵi yokolola chidali chitafika K40 m'malo ena. Kasungu adali pakati pa maboma amene adavutika koposa. Anthu adadya gaga ndi mizu ya kuthengo, adathyola chimanga chosakhwima kupanga chitibu, ndipo ogwidwa akuba m'minda adalangidwa mwankhanza yosasimbika. Boma lidavomera kuti adafa anthu mazana angapo. Mabungwe amene adalemba maina m'midzi adati adali pakati pa 1,000 ndi 3,000.

Katswiri wa zachuma wa ku India, Amartya Sen, adaonetsa m'buku lake la mu 1981, lotchedwa Poverty and Famines, kuti anthu amatha kufa ndi njala chakudya chilipo pa msika, chifukwa chimene chatha ndi mphamvu yao yochipezera. Maganizo ameneŵa adathandiza kutsekula njira yopereka ndalama m'malo mwa matumba, ndipo njirayi ili ndi ubwino woonekeratu. Ndalama sizifuna malole ambiri, sizifumbwa, ndipo mai wa pakhomo ndiye amasankha zoti agule: chimanga, mchere, za kuchigayo, mankhwala a mwana, kapena kapaketi ka mbeu. Chitsanzo chokoma koposa chidachitika pafupi pomwepa, kumpoto kwa boma la Dowa. Mu 2006 dziko lidakolola bwino, koma ng'amba idapha mbeu m'zigawo zina za Dowa ndi Kasungu. Kuyambira Disembala 2006 mpaka Epulo 2007 bungwe la Concern Worldwide lidapereka ndalama mwezi ndi mwezi kwa mabanja oposa 10,000 a ku Dowa. Ndalamazo zinkabwera ndi galimoto ya banki, amai nkumatapa ndi khadi ndi chidindo cha chala. Koma nzeru yeniyeni idali pa zinthu ziŵiri zosavuta. Banja lalikulu linkalandira zambiri kuposa laling'ono. Ndipo mwezi uliwonse ankayamba afunsa mtengo wa chimanga m'misika ya m'deralo, nkukweza kapena kutsitsa ndalamazo molingana nao. Chimene banja lidalonjezedwa chidali chakudya chokwanira, ndalama zidali chotengera chabe.

Nanga phunziro limeneli lidapita kuti? Pa 23 Malichi 2024 Pulezidenti Lazarus Chakwera adalengeza za tsoka m'maboma 23 mwa maboma 28 chifukwa cha chilala cha El Niño, ndipo MVAC idapeza kuti anthu 5.7 miliyoni adzasoŵa chakudya. Mabanja olandira ndalama adaŵaikira K70,000 pa mwezi. Pa nthaŵi imene adaikhazikitsa, ndalamayi inkagula thumba. Pofika Febuluwale ndi Malichi 2025, miyezi imene njala imaluma zenizeni, thumba lidali litadumpha mtengowo m'misika yambiri. M'dziko limene kwacha idagwetsedwa ndi 44 pa 100 iliyonse tsiku limodzi mu Novembala 2023, kulonjeza munthu nambala yokhazikika kuli ngati kumtungira madzi m'dengu. Mavenda amadziŵa tsiku logaŵa ndalama monga momwe amalidziŵira olandirawo. Kale mlimi akadathaŵira ku msika wa ADMARC, umene unkagulitsa pa mtengo umodzi. Koma misika yambiri ya m'midzi idatsekedwa, ndipo yotsalayo nthaŵi zambiri imakhala ndi sikelo yopanda choyeza.

Poona kuchedwa kwa chaka ndi chaka, Boma lidayesapo nzeru ina: kugulira dziko lonse inshulansi ya chilala. Mu 2015 lidalipira madola 4.7 miliyoni ku bungwe la African Risk Capacity, la pansi pa African Union, limene lonjezo lake ndi lakuti mvula ikalephera ndalama zituluke msanga, popanda kudikira kupempha. Mvula idalepheradi. Mu Epulo 2016 Pulezidenti Peter Mutharika adalengeza za tsoka, ndipo anthu 6.5 miliyoni adafunika chakudya. Koma makina a bungwelo, poŵerengera mvula imene masetilaiti adaona, adapeza kuti ovutika sakukwana ngakhale 21,000, choncho padalibe cholipira. Atafufuza adapeza gwero lake. Masamuwo adakonzedwa poganiza kuti alimi amabzala chimanga chokhwima pa masiku 120 mpaka 140, pamene ambiri adali atasinthira ku chocha msanga, cha masiku 90, chimene ng'amba idachipeza pa nthaŵi yoopsa. Atakonza cholakwacho, bungwelo lidalipira madola 8.1 miliyoni mu Januwale 2017, miyezi isanu ndi inai chilengezereni tsoka, pamene zofunika zonse zinkayandikira madola 400 miliyoni. Tisafulumire kuloza chala alendo okha, pakuti akatswiri athu naonso adali pa tebulo pamene masamuwo ankakonzedwa. Chomvetsa manyazi nchakuti funso limene lidasokoneza makina ndi akatswiri, mai aliyense wa kwa Kaomba akadaliyankha ali chiimire, pongoonetsa kathumba kamene mudali mbeu yake. Pambuyo pake zinthu zidaongokerapo: bungwelo lidalipira Malaŵi madola 14.2 miliyoni mu 2022 ndi madola 11.2 miliyoni mu Ogasiti 2024. Komabe mwini inshulansiyi ndi Boma. Ndalama zake zikafika, zambiri zimaloŵa m'njira yomwe ija ya thumba ndi miyezi ya njala.

Palinso nkhani ya maina, imene mafumu amadwala nayo mutu kuposa wina aliyense. Mudzi wa mabanja makumi asanu, onse atapsereredwa mbeu ndi dzuŵa limodzi, umauzidwa kuti usankhe mabanja khumi. Ndondomeko ya Mtukula Pakhomo, imene idayambira ku Mchinji mu 2006, imafikira mabanja 10 pa 100 aliwonse, osauka kwambiri ndi osoŵa wogwira ntchito. Njabwino pa cholinga chake, koma cholinga chake sichidali mlimi wamphamvu amene matalala amgwetsa. Tsono midzi yambiri idapeza njira yakeyake. Akuluakulu a ku boma akangotembenuka, matumba amatsanulidwa pansi nkugaŵidwanso ndi chigoba kwa onse. A mabungwe amadandaula kuti zimenezi zimaononga ndondomeko, ndipo ali ndi mfundo: banja limene lidayenera kudya mwezi limadya sabata, ndiponso pa kugaŵana kotere mpamene mfumu yadyera imabisa gawo lake. Koma tisaiŵale kuti midzi ya Acheŵa idali ndi chidyerano kalekale, pamene nthaŵi ya njala mabanja ankasonkhanitsa mbale zao pa malo amodzi kuti pasakhale mwana wogona osadya. Munthu amene walandira yekha lero amadziŵa kuti maliro a kwao sadzaika yekha, ndipo amene adzamkumbire manda ndi omwewo adaŵamana. Mudzi ukamatsanula thumba, ukuyankha mwa njira yake kuti tsoka lidagwera onse.

Pali ena amene ngakhale chigobacho sichiŵafika. Kaundula aliyense amayambira pa mfumu ya mudzi, ndipo banja limene lidachoka ku Mulanje kapena ku Mangochi nkudzakhala m'kanyumba ka udzu pa esiteti lilibe mfumu ku Kasungu. Tenanti amadya chimanga chimene mwini esiteti amambwereka, nkudzamdula fodya akagulitsidwa. Chimanga chikakwera mtengo kapena fodya akaonongeka, ndiye woyamba kuchepetseredwa phoso. Mu 2021 Nyumba ya Malamulo idathetsa utenanti m'malamulo a ntchito, chimene chili chinthu choyamikika. Koma kufafaniza liu m'buku sikusamutsa anthu, ndipo mabanja ogwira ntchito m'minda ya fodya akadalipo, ali pakati pa mudzi umene adausiya ndi mudzi umene sudaŵalandire.

Kumadzulo kwa bomali kudabwera tsoka la mtundu wina, lochita kunyamulidwa pa malole. Mu Julayi 2022 njovu 263 zidasamutsidwa kuchoka ku nkhalango ya Liwonde kupita ku nkhalango ya Kasungu, mpanda usadathe kumangidwa. Kuyambira pamenepo midzi ya m'malire, ya ku Malaŵi ndi ya ku Zambia yomwe, yaona minda ikuphwasulidwa usiku umodzi, nkhokwe zikugumulidwa, ndipo anthu ena afa. Pano palibe angati mvula ndiyo yalakwa; adaganiza ndi anthu, adasaina ndi anthu. Komabe akuluakulu oona za nyama zakutchire akhala akunena poyera kuti malamulo athu salipira munthu amene nyama zamuonongera. Ngati pa tsoka lokhala ndi mwini wake mlimi salipidwa, nanga pa tsoka la kumwamba angayembekeze chiyani?

Kusiyana kwa mau aŵiri aja kumaonekera bwino pa tsiku logaŵa. Chipukutamisozi munthu amangosaina nkumapita. Chithandizo chimafuna kuthokozedwa, ndipo nchifukwa chake andale a zipani zonse, aliyense pa nthaŵi yake, akhala akuchikonda. Thumba logulidwa ndi msonkho wa anthu kapena ndi ndalama za maiko ena limaperekedwa pa msonkhano, amai atavala nsalu za chipani, gogo akugwada pamaso pa makamera ngati walandira za m'thumba mwa bwanayo. Mbiri yathu yomwe iyenera kutichenjeza za mau okoma otere. Liu lakuti thangata poyamba linkatanthauza kuthandizana pa ntchito. Lidasanduka goli pa maesiteti a azungu a ku mapiri a Shire, koma dzina lidakhala lomwelo.

Wina adzati, "Zonsezi nzomveka, koma Malaŵi ndi wosauka." Ameneyu tiyenera kumumvera. Mu Disembala 2024 nyumba ya malamulo ya ku America idavomereza madola pafupifupi 21 biliyoni olipirira alimi zimene adataya pa masoka a 2023 ndi 2024, ndipo kumeneko mlimi amalipidwa molingana ndi mbeu yake ndi kukula kwa kutaya kwake. Ife chuma chotere tilibe, ndipo amene angalonjeze kubwezera mlimi aliyense zonse zimene wataya akunama. Ndalama zochepa zikapezeka, nkoyenera kuti wanjala ayambe wadya. Lamulo la 1991, limene lidabwera pambuyo pa napolo wa ku Phalombe, lidaloŵedwa m'malo ndi la 2023 pambuyo pa namondwe wa Freddy, ndipo latsopanoli limatsindika za kukonzekera tsoka lisadagwe. Pamenepo tayenda ndithu.

Koma umphaŵi wa Boma sufotokoza zonse. Sufotokoza chifukwa chimene ndalama yomweyo, imene idzaperekedwe ndithu mu Disembala, singaperekedwe mu Ogasiti, mbuzi zikadali m'khola. Kuombola banja litagulitsa kale zonse kumadya ndalama zambiri kuposa kuligwira dzanja lisadagwe. Ndiponso mlimi wa kwa Kaomba sali mlendo wopempha pa khomo la Boma. Kuyambira 1971 ADMARC inkagula mbeu za alimi ang'onoang'ono pa mitengo yotsika, phindu lake nkukathandiza kukuza maesiteti, monga adaonetsera akatswiri Jonathan Kydd ndi Robert Christiansen mu 1982. Kwa zaka zambiri fodya ndiye ankabweretsa zoposa theka la ndalama zonse zimene dziko limapeza pogulitsa katundu kunja. Mafuta a galimoto za maunduna ndi mankhwala a m'zipatala ankagulidwa ndi madola ochokera m'zigafa. Pa belo lililonse pamadulidwa za msika, za kafukufuku, za mabungwe, za mayendedwe. Munthu amene wakhala akusonkha chotere ali ndi chifukwa chofunsira kuti, pa zodulidwa zonsezi, ilipo kodi tambala imene imasungidwa kudikira tsiku la matalala?

Ena amati kuyeza kutaya kwa mlimi aliyense payekha nkosatheka m'dziko la minda ing'onoing'ono. Pa chimanga mwina nkovuta, ngakhale kuti inshulansi ya nyengo ya alimi ang'onoang'ono idayesedwa ku Balaka kuyambira 2015, ndipo ku Zambia Boma lidaiphatikiza ndi ndondomeko yake ya zipangizo zotsika mtengo. Koma pa fodya chifukwa chimenechi sichigwira. Palibe Mmalaŵi wa kumudzi wolembedwa m'mabuku kuposa mlimi wa fodya. Bungwe la Tobacco Commission lili ndi nambala yake kapena ya kalabu yake, ndiponso makilogalamu amene adaloledwa kulima. Kampani ili ndi kukula kwa munda wake, matumba a feteleza amene idampatsa, ndipo mlangizi wake amafika pa mundawo ndi njinga yamoto kangapo pa nyengo. Banki ili ndi akaunti imene ndalama za ku okushoni zimadzera. Njira yonse yochokera m'thumba la mlimi kupita ku likulu idalambulidwa bwino, ilibe ndi chitsa chomwe. Njira yomweyo ingathe kuyenda chobwerera. Matalala akagwa mu Januwale, pofika Malichi nkutheka kudziŵa amene agwetsedwa ndi kukula kwa kugwa kwao. Nkutheka kugwirizana ndi makampani kuti ngongole ya chaka chotero isunthidwe popanda chiongoladzanja. Nkutheka kuti gawo la ndalama za tsoka lifike ngati mbeu ndi feteleza nthaŵi yobzala isadakwane, mlimi atauzidwiratu tsiku lake ndi muyeso wake.

Tsikulo nlofunika chifukwa chaka cha mlimi sichiyamba ndi mvula. Nazale za fodya amafesa mu Sepitembala, kumadambo, akuthirira ndi makheni dzuŵa lili pamutu. Mwezi umenewo mpamene banja limakhala pansi kuganiza ngati lilimanso ekala yonse kapena theka, ngati lisainanso ndi kampani kapena libwereketsa munda kwa wina, ngati mwana wamkulu abwerera ku sukulu kapena apita kukafuna ganyu ku maesiteti a ku Zambia. Mu Sepitembala lipoti la MVAC limakhala litatuluka, koma maina sadalembedwe, ndipo kwa Kaomba palibe amene akudziŵa ngati mudzi wake uli m'gulu la olandira.